Kuphika Magetsi Atapita: Malangizo a Kukhitchini ku Kitwe ndi ku Ndola

Ambiri a ife okhala ku Kitwe ndi ku Ndola tili ndi makhitchini awiri. Imodzi ili m'nyumba momwe muli sitovu yamagetsi. Ina ili pakhonde pomwe pamakhala mbaula ndi thumba la malasha. Chilala cha 2024 chinationetsa kuti yapakhondeyo ndiyo yodalirika. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa ku Kariba, ndipo pofika Seputembala malo ambiri ankakhala opanda magetsi mpaka maola 21 pa tsiku. Nyama inaola m'mafiriji, malasha anakwera mtengo, ndipo mabanja amene anaiwala kale kukoleza mbaula anayambanso kuphunzira.

M'nkhani ino tasonkhanitsa mavuto amene timakumana nawo pophika tsiku ndi tsiku, kuyambira ku Chimwemwe ndi Wusakile mpaka ku Chifubu ndi Lubuto. Pa vuto lililonse tafotokoza chimene chimaliyambitsa, chifukwa wodziwa gwero la vuto sataya malasha, sataya ndiwo, ndipo nthawi zina amapulumutsa moyo wa a m'nyumba mwake.

Madzi a kuno amawira asanatenthe mokwanira

Kitwe ndi Ndola ndi mizinda ya pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamalo okwera chonchi madzi amawira akafika pa madigiri 96 kapena pafupi pamenepo, osati 100 monga tinaphunzirira kusukulu. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma ndiko kumachedwetsa nyemba, sampu ndi nkhuku yakumudzi.

Chinanso n'chakuti madzi akawira sapitirira kutentha, ngakhale tikupize moto chotani. Mphika wobwata mwamphamvu mpaka kusefukira suphika msanga kuposa wobwata pang'onopang'ono. Umangotha madzi ndi malasha. Choncho mphika ukawira tichepetse moto, tivundikire bwino, ndipo tisamavundukule kawirikawiri. Powonjezera madzi tithire otentha, pakuti ozizira amabweza mphika kumbuyo. Amene ali ndi pressure cooker ali ndi mwayi, chifukwa imatsekera nthunzi mkati ndipo madzi amatentha kuposa madigiri 100. Nyemba zonyika zimapsa pasanathe ola.

Mbaula ndi malasha

Malasha onyowa amafuka ndipo sachedwa kutha, choncho thumba likhale pouma, makamaka nthawi yamvula. Mphepo imaba moto, ndiye mbaula tiiike pakona kapena tiitchinge ndi lata mbali imene mphepo ikuchokera. Mbaula yomatidwa dongo mkati imasunga moto kuposa yachitsulo yobowolabowola. Tisanakoleze, zonse zikhale zokonzeka: masamba odula, matimati osenda, ufa pafupi. Tiyambe ndi zofuna moto waukali monga kuwiritsa madzi ndi kukazinga, kenako zofuna moto wofatsa. Malasha otsala tiwatsekere m'chitini chokhala ndi chivundikiro. Akasowa mpweya amazima okha ndipo mawa adzagwiranso ntchito. Tisakoleze ndi mapulasitiki kapena mphira, utsi wake ndi woipa m'chifuwa ndipo umalowa m'chakudya.

Ngozi yaikulu ya mbaula imabwera mu Juni ndi Julayi, pamene kumazizira usiku. Malasha akamayaka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsamwitsa. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo apa mawuwa ndi oona ndithu. Ambiri timaganiza kuti utsi ukatha ndipo malasha afiira psuu, mbaula ingalowe m'chipinda chogona. Ayi. Malasha ofiirawo amatulutsabe mpweyawo, ndipo m'chipinda chotseka banja lonse lingagone osadzukanso. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo tosaletseka. Anthu angapo akamva zimenezi nthawi imodzi, atuluke panja msanga, zitseko ndi mawindo zitsegulidwe, ndipo onse apite kuchipatala. Mkaka suchotsa poizoniyu, ndipo munthu wokomoka tisamumwetse kanthu. Lamulo la m'nyumba likhale limodzi: mbaula sigona m'nyumba.

Ophikira gasi aziimika silinda mowongoka pamalo opita mphepo. Tikakayika kuti gasi akutuluka, tipake thovu la sopo polumikizira paipi. Likachita tinthubwinthubwi ndiye kuti pakudontha. Tisayese ndi machesi, ndipo tikamva fungo la gasi tisayatse kapena kuzimitsa getsi. Titseke silinda ndi kutsegula mawindo.

Nyemba zokana kupsa

Nyemba, zimene ena timati kayera ndipo anzathu a Chibemba amati chilemba, ndizo zimadya malasha ambiri m'nyumba. Kaya ndi kabulangeti kapena za ku Solwezi, njira ndi imodzi. Tisankhe miyala, titsuke, tinyike m'madzi ambiri kwa maola 8 mpaka 12. M'mawa titaye madziwo, tithire atsopano, tiwiritse mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10, kenako tichepetse moto. Kuwiritsa koyambaku n'kofunika chifukwa nyemba zosapsa, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wosanzitsa ndi kutsegula m'mimba amene amatha ndi kuwira kwenikweni.

Nyemba zikakana kufewa, kawirikawiri chifukwa chake ndi chimodzi mwa ziwiri. Mwina tathira matimati msanga, pakuti kuwawasa kwa matimati kumalimbitsa khungu la nyemba. Matimati ndi anyezi azilowa nyemba zitafewa kale. Mwinanso nyembazo n'zakale, zogonera chaka m'malo otentha. Pogula ku Chisokone kapena ku Masala tisankhe zosalala ndi zowala, tisiye zokwinyika ndi zobowoka. Soda wakunsonga kwa supuni yaing'ono amathandiza nyemba zakale, koma akachuluka amawononga mavitamini ndi kusiya kakomedwe ka sopo.

Pali njira ina yopulumutsira malasha, yophikira m'dengu. Titenge dengu kapena katoni yolimba, tiyalemo bulangeti lakale kapena mapilo. Nyemba zonyika ziwire pamoto kwa theka la ola. Kenako, osavundukula, tinyamule mphika uli chiwirire, tiukulunge m'nsalu, tiuike m'dengumo ndi kufunditsa mbali zonse. Pakatha maola atatu kapena anayi nyemba zapsa ndi kutentha kwake komwe. Mpunga umafuna kuwira mphindi 5 zokha ndi kukhala m'dengu mphindi 40. Mphika ukhale wodzaza, chifukwa wodzaza ndiwo umasunga kutentha. Tikapeza chakudya chatsala chofunda chabe, tichiwiritsenso tisanadye.

Nsima ndi kasungidwe ka ufa

M'masitolo timapeza ufa wa breakfast ndi wa roller. Wa breakfast ndi woyera chifukwa anauchotsa gaga ndi mtima wa chimanga. Wa roller uli pafupi ndi mgaiwa wa kumudzi. Uli ndi zomanga thupi zambiri, umakhalitsa m'mimba, ndipo phala la ana limakhala labwino ndi umenewu. Koma popeza mtima wa chimanga uli ndi mafuta, ufa wa roller suchedwa kusasa ukakhalitsa, ndipo phala lake limafuna kuwira nthawi yotalikirapo.

Nsima imachita mibulu tikathira ufa wouma m'madzi owira kale, chifukwa kunja kwa ufawo kumapsa n'kutsekera wouma mkati. Tiyambe ndi madzi ofunda, kapena tisungunule kaye ufa m'madzi ozizira. Phala liwire lovundikira kwa mphindi 10 mpaka 15. Apa ndi pamene nsima imapsera. Wofulumira kuvundula phala lisanapse amaphika nsima yonunkha ufa, yomata m'manja. Pothira ufa tizithira dzanja limodzilimodzi, uku tikukanikiza mthiko kukhoma la poto. Tikamaliza kuthyakula tivundikire mphindi zingapo pamoto wochepa tisanaomole. Nsima ikalimba kwambiri kapena ikapanda kupsa, tiwaze madzi otentha pang'ono, tivundikire, kenako tithyakulenso. Nkhoko za m'poto zimachoka zokha tikanyika poto m'madzi nthawi yomweyo.

Thumba la makilogalamu 25 lisakhale pansi pasimenti kapena kutsamira khoma, pakuti limakoka chinyontho. Tiliike pathabwa, kapena tikhuthulire ufa m'ndowa yokhala ndi chivundikiro. Ufa wakale uthe kaye ndipo ndowa itsukidwe ndi kuuma tisanathire watsopano. Ufa wogwidwa anankafumbwe pang'ono tingausefe ndi kuuyanika padzuwa. Koma ufa wa chuku, wogwirana timibulu ndi wonunkha chinyontho, ndi wotaya.

Chuku china chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti poizoniyu anapezeka wochuluka mu ufa wina wogulitsidwa m'dziko muno, agalu pafupifupi 400 atafa. Chofunika kudziwa n'chakuti kuphika sikumupha. Nshawa, zimene ena amati mtedza, nazonso zimagwidwa kwambiri. Tisanasinje nsinjiro tisankhe imodziimodzi. Zofota, zothimbirira, zoswekasweka ndi zowawa tizitaye. Tisazisunge kuti n'za nsinjiro, ndipo tisapatse nkhuku.

Ndiwo zamasamba

Masamba titsuke tisanadule. Tikatsuka odula kale, zofunika m'thupi zimapita ndi madzi. Repu, kabichi ndi bonongwe, amene pamsika amati bondwe, amafuna madzi ochepa ndi nthawi yochepa. Akasanduka akuda ndi olembuka ndiye kuti tapitiriza. Saladi pang'ono kapena nsinjiro zimathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba, pamene matimati ndi mandimu zimathandiza kutenga ayironi wowonjezera magazi. Tiyi amatchinga ayironi ameneyu, choncho amayi oyembekezera ndi ana asamwe tiyi pamodzi ndi nsima. Adikire ola kapena kuposa.

Ndiwo zotendera, ifisashi m'Chibemba, zimavuta pawiri: kupserera ndi kusapsa kwa nsinjiro. Nkhwani, kapena kuti chibwabwa, tiusadzule, tiudule, uwire pang'ono ndi matimati ndi mchere. Nsinjiro tiithire pamwamba, tivundikire osatakasa kwa mphindi zingapo kuti ipse ndi nthunzi, kenako titakase pamoto wochepa mpaka mphindi 15 kapena 20 zitakwana. Nsinjiro yosapsa imatupitsa m'mimba. Ndiwo zimenezi zimasasa msanga, makamaka mu Okutobala, ndiye tiphike zokwanira chakudya chimodzi.

Delele amafuna soda kapena chidulo, koma pang'ono chabe. Akachita chikasu ndi kuwawa, soda wachuluka. Impwa zowawa tizinyike m'madzi amchere tisanaphike. Masamba akachuluka nthawi yamvula tipange mfutso: tiwaviike m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu, tiwayanike pamthunzi popita mphepo mpaka aume gwa, tisunge m'chotengera chotseka.

Kapenta, nsomba ndi nyama

Kapenta wathu amachokera ku Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika ndi ku Siavonga pa Kariba. Wa ku Kariba makolo ake anachokera ku Tanganyika komweko, anakathiridwa m'nyanjayo mu 1967 ndi 1968. Chisense chimachokera ku Luapula. Vuto la zonsezi ndi mchenga. Tiviike m'madzi ofunda mphindi zochepa, titakase ndi dzanja, kenako tivuule ndi manja kuti mchenga utsale pansi pa mbale. Tikakhuthula madzi, mchenga umabwerera pa kapenta. Akauma pang'ono timukazinge asanakumane ndi matimati kuti asaphwanyike. Kapenta wina amaumitsidwa ndi mchere, ndiye tilawe kaye tisanathire wina.

Chaka chilichonse boma limatseka usodzi m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Amene amagula nsomba zouma zosungira miyezi imeneyi aziziyanika padzuwa kapena kuziwamba pamoto nthawi ndi nthawi, chifukwa ndi nyengo yamvula ndipo chuku ndi tizilombo sizichedwa. Pophika tizinyike m'madzi otentha, titsuke bwino, tiyale timitengo toyera pansi pa mphika kuti zisamatirire, ndipo ziwire pang'onopang'ono. Nsomba youma satakasa ndi mthiko, timangogwedeza mphika.

Nsomba yaiwisi yabwino ili ndi maso owala, ndipo mnofu wake umabwerera tikausindikiza ndi chala. Imamatirira m'chiwaya ikakhala yonyowa, mafuta akakhala osatentha, kapena tikafulumira kuitembenuza. Tiipukute, tidikire mafuta atenthe, tiisiye mpaka itadzimasula yokha. Nyama yolimba ndi nkhuku yakumudzi zimafewa ndi moto wofatsa wa nthawi yaitali. Papaya wosapsa wopala, wopaka pa nyama kwa theka la ola, amaifewetsanso. Mpeni ndi thabwa zimene zadula nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze matimati kapena zipatso.

Zikalakwika pamoto

Mchere ukachuluka, mankhwala ake ndi kuchulukitsa ndiwo: tiwonjezere madzi, matimati, masamba kapena nsinjiro zopanda mchere. Ena amaponyamo mbatatesi kuti imwe mchere, koma imamwa msuzi ndi mchere womwe, ndipo wotsalayo amawawabe chimodzimodzi.

Ndiwo zikapserera tisatakase. Tichotse mphika pamoto, tikhuthulire za pamwamba mumphika wina, zomatirira pansi zitsale. Tikapala pansipo, fungo limalowa monse.

Mpunga ukapsa kunja mkati muli mwauwisi ndipo madzi atha, tiwaze madzi otentha theka la kapu, tivundikire zolimba, tiike pamoto wochepa kwambiri. Pa mbaula tingaike makala ochepa pa chivundikiro. Ukachuluka madzi, tivundukule kuti nthunzi ituluke. Mpunga wa ku Nakonde, wa ku Mongu ndi wa ku Chama sumwa madzi mofanana, choncho thumba latsopano tiliyese ndi kapu imodzi kaye.

Vitumbuwa vikamwa saladi, mafuta anali osatentha mokwanira kapena tinaponyamo vyambiri nthawi imodzi. Vikada kunja mkati musanapse, mafuta anatenthetsa. Tiyese ndi kachidutswa. Kakamira pang'ono n'kuyandama kakuchita thovu, mafuta afika. Saladi wotsala timusefe akazizira. Akada, akayamba kununkha kapena kuchita thovu lambiri, watha ntchito.

Firiji ndi chakudya chotsala

Magetsi akapita, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola anayi okha. Firiza yodzaza imafika maola 48, yatheka maola 24. Choncho magetsi akabwera tiumitse mabotolo amadzi ndi kudzaza nawo malo opanda kanthu, ndipo ana adziwe kuti chitseko sichitsegulidwa chisawawa. Nyama tiigawe m'timapaketi ta tsiku limodzi. Nyama imene yasungunuka koma ikadali yozizira ngati ayisi tiiphike tsiku lomwelo. Imene yafunda, yoterera kapena yonunkha tiitaye. Pamene magetsi sakudalirika n'kwanzeru kugula nyama yochepa, kapena kuidula mizere, kuithira mchere ndi kuiwamba monga amachitira kumudzi.

Tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga m'chakudya chofunda, pakati pa madigiri 5 ndi 60. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Zotsala tizitenthetse mpaka ziwire kapena zitulutse nthunzi mkati monse, ndipo kamodzi kokha. Mpunga ndiwo wonyenga kwambiri. Ukagona pofunda umapanga poizoni amene satha ngakhale tiutenthetsenso. Mkute, umene kuno timati chimbala, ukhale wovundikira pamalo ozizira, ndipo m'mawa tiuwotche kapena tiuphikenso phala. Ukayamba kutelera kapena kununkha tisapatse mwana. Kutaya chakudya kumapweteka mtima masiku ano, koma mtengo wa mbale imodzi sufanana ndi wa mwana wogonekedwa kuchipatala.

Madzi a m'khitchini

Ku Kitwe madzi a m'mipope amachokera kwa a Nkana Water, ku Ndola kwa a Kafubu Water, ndipo m'makomboni ambiri timadaliranso zitsime. Popeza madzi amadukaduka, ambiri timasunga m'madiramu ndi m'zigubu, ndipo m'menemo ndi momwe amadetsedwera. Chosungira madzi akumwa chikhale chotseka, chapakamwa pang'ono, chotsukidwa kawirikawiri. Ngati ndi ndowa, pakhale kapu imodzi yotungira yokhala ndi chogwirira, ndipo manja asalowe m'madzi.

Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale 2024. Madzi okayikitsa tiwawiritse mpaka abwate kwa mphindi yathunthu, kapena tithire klorini monga mwalembedwera pa botolo ndi kudikira mphindi 30. Wina akatsegula m'mimba, tisungunule masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala.

Komabe kuwiritsa ndi klorini zimapha tizilombo tokha. Mu Febuluwale 2025 dziwe la zinyalala za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo mipope ya ku Kitwe inatsekedwa kwa masiku. Madzi otere sayera ndi moto. Asidi ndi zitsulo zosungunuka zimatsalira mumphika. Akuluakulu a zamadzi akachenjeza, tisaphikire madzi a mumtsinje, ndipo nsomba zotoledwa zitafa kale tisagule ngakhale zitsike mtengo.

Bowa ndi chinangwa

Mvula ikagwa, m'mbali mwa msewu wa Kitwe ndi Ndola mumadzaza bowa: tente woyera ndi chikolowa chachikulu ngati lichero. Tente ali pa ubale ndi mitundu ina ya bowa wakupha, ndipo palibe njira ya m'khitchini yoyesera. Si zoona kuti supuni imada mumphika wa bowa woipa, kapena kuti bowa wodyedwa ndi tizilombo ndi wabwino kwa munthu. Kuphika sikuchotsa poizoni wake. Tigule mtundu umene tikuudziwa kwa wogulitsa woudziwa, tiyang'ane mmodzimmodzi, ndipo ana asatole bowa m'munda kapena kuseri kwa nyumba. Safunsa anadya phula. Bowa woopsa kwambiri amayamba kupweteka patapita maola 6 kapena kuposa, ndipo wodwala amaoneka ngati wachira pamene chiwindi chikuwonongeka. Onse amene anadya apite kuchipatala, atatenga bowa wotsala.

Chinangwa chowawa, chimene achibale amatitumizira kuchokera ku Luapula, chili ndi poizoni wachilengedwe. Chisendedwe, chinyikidwe m'madzi masiku atatu mpaka asanu kufikira chitafewa, kenako chiyanikidwe mpaka kuuma. Masamba ake, chigwada kapena katapa, asinjidwe bwino ndi kuwira kwa theka la ola, poyamba mphika uli wosavundikira. Chinangwa chowawa pakamwa sachidya chachiwisi.

Moto ndi zilonda zakupsa

Mafuta akayaka m'chiwaya tisathire madzi, chifukwa amaphulika ndi kumwaza moto. Tizimitse sitovu, tivundikire chiwaya ndi chivundikiro chachitsulo, tichisiye chizizire. Zogwirira mapoto ziyang'ane kukhoma. Mbaula ili pansi, pamsinkhu wa mwana wokwawa, choncho phala lowira ndi mwana zisakhale pafupi. Magetsi akapita tili mkati mophika, tizimitse sitovu nthawi yomweyo, chifukwa amabwera usiku tonse tili m'tulo.

Wina akapsa, tithire madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, tivule mphete ndi zibangili malowo asanatupe, tiphimbe ndi nsalu yoyera yosamata. Tisapake mankhwala otsukira mano, dzira, ufa kapena saladi, ndipo matuza tisawaboole. Bala lalikulu kuposa chikhato cha wopsayo, la kumaso, m'manja kapena kumalo obisika, ndiponso bala la mwana wamng'ono, lipite kuchipatala: ku kiliniki yapafupi, ku Kitwe Teaching Hospital, ku Ndola Teaching Hospital, kapena ku chipatala cha ana cha Arthur Davison ku Ndola.

Pophikira gulu

Pa maliro, pa ukwati ndi pa misonkhano ya mpingo timaphika m'miphika yaikulu, ndipo cholakwa chimodzi chimadwalitsa anthu ambiri. Mphika waukulu umachedwa kuzizira, ndiye mpunga ndi nkhuku zophikidwa m'mamawa n'kudyedwa madzulo zimakhala maola ambiri zili zofunda. Tiphike pafupi ndi nthawi yodyera, kapena mphika ukhale pamoto wochepa mpaka pogawa. Wodwala m'mimba apumule, asagwire chakudya. Posambitsa m'manja tithirire aliyense madzi oyenda ndi sopo, osati beseni limodzi loyendayenda. Pakhale munthu mmodzi, mayi kapena bambo, woyang'anira za madzi, moto ndi zotsala, kuti ena akatanganidwa ndi alendo iye asachoke pa miphika.

Zonsezi zisakhale za amayi okha. Masiku ano amayi ambiri amaweruka mochedwa kumsika ndi kuntchito, ndipo amene amakoleza mbaula madzulo ndi mtsikana kapena mnyamata wa sukulu. Ameneyo ndiye ayenera kudziwa kuti nyemba amanyika usiku, kuti mafuta oyaka sathira madzi, ndi kuti mbaula imatsala panja pogona. Tisanamusiyire mthiko, tikhale naye pakhonde madzulo angapo ndi kumuonetsa.